Pikapu Yanga ndi Bwato la Apongozi

Ndinapuma pa ntchito yauphunzitsi mu Epulo, ndipo pofika Meyi akazi anga anali atatopa nane. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuthamangira kusukulu sadziwa chochita ndi m'mawa wopanda kopita. Ndinkadzuka, kusesa pabwalo posesedwa kale, kukhomerera mpando wosathyoka, kenako kuima pakhomo manja m'chiuno kuyang'ana msewu wa tala. Tsiku lina ndinamasula wailesi yabwinobwino kuti ndione chimene chimalira m'katimo. Mpaka lero siinalirenso.

"Abambo, pitani mukacheze ndi anzanu," ankatero akazi anga. Koma anzanga onse anali m'kalasi.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri. Boma linanditumiza kuno ku Chintheche ndili mnyamata, ndipo ndinkati ndikhala zaka ziwiri basi. Kenako ndinakwatira mwana wa Chitonga wa m'mudzi wina wa asodzi cha ku Kande, nkhani yobwerera kwathu n'kuthera pomwepo. Kuchipongozi sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Vuto langa linali lakuti ankandilemekeza mopyola. Pamaliro amuna anzanga akatenga makasu, ine ankandipatsa mpando. Pokoka khoka ndikagwira chingwe, wina ankandilanda mwaulemu kuti ndingadetse malaya. Ndinakwerapo bwato kamodzi kokha, ndipo ndinasanza mpaka anandibweza kumtunda nditagona chagada. Kuyambira pamenepo ndinakhala "asambizi", ndiko kuti aphunzitsi, munthu womupatsa moni ndi manja awiri koma wosamutuma kanthu. Ulemu wotere umawawa, ndipo ine unandiwawa zaka zonsezo.

Chinthu chokha chimene ndinali nacho choti asodziwo analibe chinali pikapu yanga yoyera, yakalekale, imene ndinagula kwa mlangizi wina wa zaulimi pamene ankasamukira ku Lilongwe. Injini yake inali yolimba, koma inkakoka ndi matayala akumbuyo okha. Pa tala inkayenda bwinobwino. Tsoka lake, kuchoka pa tala kupita kwa apongozi ndi mchenga wokhawokha, wofewa ngati ufa. Ndikangokhota, matayala akumbuyo ankayamba kukumba, galimoto n'kukhala pansi. Amayi ochokera koviika chinangwa ankatula madengu kudzandikankha, akuseka ndi kuyankhulana m'Chitonga. Iwo ankaiwala kuti Chitongacho ndimachimva.

Apongozi anga aamuna, amene ine monga aliyense ndinkawaitana kuti Ada, anali mkulu wa mpingo komanso mmisiri wosema mabwato. Chaka chimenecho anali atakalamba ndithu, msana utayamba kupindika. Mu Juni anakwera kuphiri, kumadzulo kwa msewu, kumunda wakale wa bambo awo kumene kunali mtengo waukulu wa mbawa. Anauza aliyense kuti ili ndi bwato lawo lomaliza, ndipo akufuna kuliona likuyandama maso awo akadali kuona. Anzawo anawathandiza kugwetsa mtengowo, koma kusema anasema okha, miyezi iwiri yathunthu, kupita m'mawa ndi sompho paphewa, kubwera madzulo tsitsi lili mbuu ndi zipalapala.

Bwato likatha kusemedwa kuphiri, mwambo wake ndi wodziwika. Mwini wake amalengeza Lamulungu mapemphero akatha, amayi amaphika chindongwa, thobwa la kuno, ndipo amuna a m'mudzi amakwera ndi zingwe kukalikoka mpaka kunyanja, akuimba. Pamene ndinapita kukawaona chakumapeto kwa Ogasiti, apongozi aakazi anali atayanika kale chimera pamphasa. Tinakhala pakhonde, Ada akusisita mawondo. Anangodandaula pang'ono, monga amadandaulira akuluakulu, kuti amuna amphamvu onse ali ku Joni, ena ali m'maloji kutsuka mbale za alendo, ndiye okoka bwato chaka chino akhala aimvi okhaokha. Sanapemphe kanthu. Anthuwo analipo, ochepa inde, koma akanalitsitsa ngakhale m'masiku awiri.

Ine pakamwa panandiyabwa.

"Ada, musavutitse anthu. Bwatolo nditsitsa ine ndi galimoto."

Anatembenuka kuyang'ana pikapuyo, imene panthawiyo inali itakhala pansi pamchenga pafupi ndi mpanda wawo.

"Iyi, asambizi? Imene imagona pakhomo pano?"

"Ndiisintha. Izikoka ndi matayala onse anayi. Folowilu. Ikwera phiri limenelo ngati palibe kanthu. Mundipatse masabata awiri."

Kunena zoona, ganizoli linandibwerera pomwepo, ndikuyankhula. Ndinali nditangomva kuti zimatheka.

"Bwato latsopano silikonda dzuwa, asambizi. Likufuna madzi."

"Masabata awiri okha, Ada."

"Palivi suzgu," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto. Anaitana apongozi aakazi n'kuwauza kuti chimeracho achisunge, ndipo Lamulungu silengezedwa kanthu. Mkamwini wawo wanena kuti atsitsa yekha. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo za m'kalasi, mtima uli mbee. Akazi anga, amene ndinapita nawo, anangondiyang'ana njira yonse.

Makaniko amene ndinamupeza ali ndi galaja yake pansi pa mitengo ya mango, kuseri kwa masitolo a pa Chintheche. Ndi bambo wachikulire, anakhalitsa ku Joni, ndipo amavala malaya ositidwa m'kati mwa ovolosi ngakhale akudziwa kuti akulowa pansi pa galimoto. Anamvetsera, n'kuzungulira pikapu yanga kawiri, kuigogoda apa ndi apo.

"Sala, njira yachidule ndi yogulitsa iyi n'kugula ina," anatero, akundiitana monga ana asukulu amaitanira mphunzitsi.

"Sindinabwere kudzafunsa njira yachidule."

Anaseka, n'kunena kuti ndiye tikufunika galimoto yakufa ya mtundu womwewu, koma ya folowilu, yoti tiichotse ziwalo. Ankaidziwa imodzi. Inali kuseri kwa loji ina cha ku Makuzi, inagubuduka zaka zapitazo, ndipo nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala. Tinakaiona tsiku lomwelo. Ekiselo yakutsogolo, chitsulo cholumikiza matayala awiriwo, inali yabwino, ndi difu yake, chimphika chija cha pakati chimene chimatembenuzira mphamvu kumatayala. Giyabokosi inalipo, pamodzi ndi kabokosi kogawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Ekiselo yakumbuyo yokha ndiyo inali itachoka. Munthu wina wa ku Mzimba anaigula kukapangira ngolo. Sitinadandaule. Yakumbuyo tinali nayo yathu.

Sindinkadziwa kuti galimoto ili ndi zinthu zambiri chonchi zimene zimakana kusuntha. Tinachotsa zonse za kutsogolo kwa pikapu yanga mpaka inatsala yasamu, itakhala pazitsa. Mabawuti ena anali atadyana ndi dzimbiri, ofunika kuwotcha ndi moto kuti amasuke. Panafunika kuwotcherera timakutu tatsopano togwira masipuling'i, ndipo tsiku limene makaniko anakonzeka kuwotcherera, magetsi anazima. Atayaka, ndodo zowotcherera zinatha. Titakweza ekiselo, tinapeza kuti difu ikugunda poto wa oyilo pansi pa injini, ndiye tinabwereranso kwa nkhuku zija kukamasula poto wa galimoto yakufayo. Kenako chiwongolero chinakana kugwirizana ndi ekiselo yatsopano. Kenako kuboola pansi, pambali pa mwendo wa dalaivala, kuti padutse ndodo yachiwiri ya magiya.

Ine ndinkafika pagalaja makaniko asanamwe tiyi. Kukhala pansi sindinkatha. Ndinkamupatsa sipanala imene sanapemphe, kumuwerengera masiku, kumufunsa ngati bawuti iliyonse ndi yofunikadi. Tsiku lina anatuluka pansi pa galimoto, n'kupukuta manja mosafulumira.

"Sala, ana a anthu munkawaphunzitsa chonchi? Mutawaima pamutu?"

"Ankakhoza."

"Ndiye chifukwa anathawira ku Joni onse."

Masabata awiri anakhala anayi. Kutchalitchi anthu anayamba kundifunsa. Nkhani inali itafika paliponse, kuyambira ku Bandawe mpaka ku Kande, kuti mphunzitsi wa ku Ntcheu uja akupanga galimoto yokwera phiri. Ena ankafunsa mwachidwi, ena ankafunsa akubisa mano. Onse ndinkawayankha chimodzimodzi, kuti yatsala pang'ono.

Chakumapeto kwa Seputembala inatsika pazitsa. Inali itatalika, mphuno ili m'mwamba, moti pokwera ndinachita kudzikoka. Tinapita nayo kukanjira ka mchenga kotsikira kunyanja pafupi ndi Bandawe, dzuwa lili pamutu. Makaniko anatsika, n'kupotokola mahabu, timaloko ta pakati pa matayala akutsogolo timene timawalumikiza ku mphamvu ya injini. Ndinakoka ndodo yachiwiri ija. Ndinaponda mafuta ndikuyembekeza kumva galimoto ikukhala pansi monga mwa masiku onse. Inangoyenda. Inayenda pamchenga wakuya, inakhota, inabwerera chammbuyo, inakwera kachitunda. Ndinakuwa ngati mwana. Asodzi amene ankasoka maukonde pamthunzi anaimirira kuti aone bwino, ndipo ine ndinazunguliranso kachitatu popanda chifukwa.

Chimwemwecho n'chimene chinandiiwalitsa kubwezera ndodo ija pamene tinakwera pa tala. Sitinapite patali. Chiwongolero chinauma m'manja, matayala anayamba kulira, galimoto n'kumadumphadumpha. Makaniko anakuwa kuti ndiime, koma mwendo wanga usanafike pa buleki tinamva phokoso pansi, khoo! Shafuti, mtanda wachitsulo wopititsa mphamvu kumatayala akutsogolo, inali itathyoka polumikizira, ikulendewera.

"Mwaiwala kuchotsa, sala, inde. Koma siikanathyoka msanga chonchi. Pali china."

Tinaikokera kugalaja. Mawa lake anaikweza pa jeke n'kufunsa ngati ndili ndi choko. Ndinali nacho; mpaka lero m'thumba la malaya anga simusowa kachidutswa. Analemba mzere pa tayala ndi mzere pa shafuti, n'kundiuza kuti iye azizunguza tayala, ine ndiziwerenga kuti shafuti yazungulira kangati. Kumbuyo, tayala likazungulira kamodzi, shafuti inkazungulira kanayi ndi pang'ono. Kutsogolo inkazungulira pafupifupi kasanu. Tinabwereza katatu. Makaniko anakhala pansi pa dothi, malaya ositidwa aja osawakumbukanso.

Mano a m'madifu awiriwo anali osiyana. Galimoto zinali za mtundu umodzi, koma ya folowilu ija anaipanga ndi mano ena. Ndiye matayala akumbuyo ankafuna kuthamanga kuposa akutsogolo, ngati ng'ombe ziwiri zosiyana mayendedwe pagoli limodzi. Pamchenga sizinkaoneka chifukwa mchenga umalola tayala kuterereka. Pa tala, kapena pamiyala ya kuphiri kumene tinkafuna kupita ndi katundu wolemera, palibe tayala loterereka, ndiye chitsulo n'chimene chimagonja. Mankhwala ake anali amodzi: kuika kumbuyo difu ya mano ofanana ndi yakutsogolo. Difu imeneyo inali ku Mzimba, ikukokedwa ndi ng'ombe za munthu amene palibe ankadziwa mudzi wake.

Ndinamukalipira makaniko uja mpaka amayi ogulitsa nthochi patsidya anasiya malonda kumvetsera. Ndinamufunsa kuti zaka zonse za ku Joni anaphunzirako kusita malaya kokha? Iye anandisiya ndimalize.

"Ndinalakwa, sala, sindinawerenge mano. Tsiku limene ndinkafuna kutsegula difu ija, munati tilibe nthawi."

Zinali zoona, ndipo zinandipsetsa mtima kwambiri chifukwa zinali zoona.

Madzulo ake akazi anga anabwera kuchokera ku Kande. Anatula thumba la ufa wa kondowole, n'kukhala pansi osavula nsapato.

"Abambo, mukudziwa kuti Ada akukwera phiri lija masiku atatu alionse?"

"Kukatani?"

"Kukathirira bwato lawo. Analifunditsa udzu ndi masamba a nthochi, koma dzuwa ili mukuliona. Akutunga madzi pakamtsinje ndi chigubu, kukathira m'katimo kuti lisang'ambike. Kamtsinjeko kakuphwa. Tsopano akutsika mpaka kumunsi kukatunga. Munthu wamkulu ngati uja."

"Sabata imodzi yokha."

"Auzeni aitane anthu. Chimera chikadalipo."

"Ndiye anthu anene chiyani? Kuti mphunzitsi uja walephera, ngati mmene amalepherera pamchenga?"

"Anena masiku awiri, aiwala."

"Inu simukudziwa."

"Ndikudziwa bambo anga. Iwo sangaitane anthu inu musanawamasule. Munalonjeza pakhonde pawo, iwo anavomera. Akaitana anthu tsopano ndiye kuti akuchititsani manyazi pamudzi, ndipo zimenezo sangachite ngakhale bwato liwole. Mawu ali ndi inu."

Ndinamva bwinobwino zimene ananenazo. Sindinganame kuti sindinamvetse. Panafunika kungokwera minibasi, mphindi zochepa, kukakhala pakhonde paja n'kunena kuti Ada, zandikanika, itanani anthu. Ndinaganiza za mawu amenewo masiku ambiri, ndinawayeseza ngakhale m'Chitonga. Koma ndikaganiza za mpando uja wa pamaliro, ndi kuti ndidzaukhala mpaka imfa yanga, mawuwo ndinkawasiya. M'malo mopita ku Kande, ndinapita ku Mzuzu.

Ndinapitako katatu. Ndinkakwera minibasi yoyamba, kudutsa m'minda ya labala, kukwera mapiri aja ndikugwedeza mwendo njira yonse mpaka mayi wina amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndikufuna kutaya madzi. M'thumba ndinali ndi kapepala kolembapo chiwerengero cha mano. Ku Mzuzu ndinayenda m'malo onse ogulitsira zitsulo za galimoto zakufa. Ogulitsa onse ankalumbira kuti difu yawo ndi yomweyo. Ine ndinali nditaphunzira. Ndinkawauza atsegule, n'kugwada pansi, kulemba choko pa dzino limodzi, kuwerenga ndi chala m'mafuta akuda onunkha. Nthawi zonse ankaposa kapena kuperewera awiri. Ndinkabwera kunyumba manja akuda mpaka m'zigongono, chakudya osachimva kukoma, tulo tosagwira.

Masabata amenewo ku Kande sindinapondeko. Ndinkaopa nkhope ya Ada, ngakhale ndinkadziwa kuti sangandikalipire. Mwina n'chimene ndinkaopa. Kamodzi kokha anatumiza mawu kudzera mwa akazi anga: akuti afunseni asambizi ngati galimoto ili bwino. Za bwato sanatchule. Ndinati akawauze kuti Loweruka. Loweruka limenelo linadutsa, ndi linzake.

Difu ndinaipeza ulendo wachitatu, pakati pa Okutobala, kuseri kwa nyumba ya munthu wina amene ankaisunga pansi pa malata akale. Ndinawerenga mano kanayi. Ndinaikweza m'minibasi, kondakitala akudandaula kuti idetsa katundu wa anthu, ndipo ndinaigwira ndi miyendo mpaka ku Chintheche. Makaniko anaiika m'masiku awiri, n'kulumikiza shafuti ina. Ulendo uno anawerenga yekha ndi choko, kutsogolo ndi kumbuyo, ine nditaima patali monga anandilamulira. Zinafanana. Anawotchereranso zitsulo pamwamba pa bodi zoti bwato lidzagonepo. Tinaiyesa pamchenga, pamiyala, pamsewu wafumbi. Inkangoyenda mwakachetechete.

Loweruka m'mawa tinafika ku Kande. Ndinakhota pa tala, n'kudutsa mchenga wonse uja osaima mpaka pakhonde pa apongozi. Ada anatuluka atagwira ndodo. Ndinali ndisanawaonepo ndi ndodo. Anali ataonda, maso atalowa.

"Mwe uli, Ada?" ndinawapatsa moni m'Chitonga.

"Nde umampha, asambizi. Yafika?"

"Yafika."

Anakwera kutsogolo, pakati pa ine ndi makaniko. Kumbuyo kunakwera amuna asanu ndi atatu a m'mudzimo ndi zingwe, mitengo yonyamulira, masaka akale ndi matayala akutha oti bwato lidzatsamire. Tili m'njira m'pamene makaniko, pocheza, anafunsa za ndodoyo. Ada anati ndi malungo, anawagwetsa masiku khumi, koma tsopano ali bwino.

"Ndiye kuphiriko amapita ndani?" ndinafunsa.

"Palibe. Ndinalifunditsa bwino."

Ndinangoponda mafuta.

Njira yake ndi yakale ya malole a matabwa, dothi lofiira louma gwa, miyala yotuluka ngati mawondo, ndi mikwasa imene mvula ya zaka zambiri inakumba. Patsinde pa phiri makaniko anatsika kukapotokola mahabu. Ndinakoka ndodo yachiwiri mpaka kumapeto, kumene galimoto imayenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu zonse. Ndipo inakwera. Ndiyenera kunena zimenezi, chifukwa ndi zoona: inakwera mokoma. Tayala limodzi likakwera mwala, enawo ankakoka. Tinadutsa kamtsinje kaja, kali mchenga wokhawokha, osatitimira. Amuna akumbuyo anayamba kumenya denga ndi manja, akukuwa kuti asambizi, asambizi! Kwa mphindi zingapo ndinaiwala malungo a Ada, ndinaiwala masiku khumi aja. Ndinali wokondwa kuposa tsiku lililonse chipumireni pa ntchito.

Tinaima pamalo oyera pamene panali chitsa chachikulu ndi milu ya zipalapala zofiirira. Bwato linali pambali, litagona pamitengo iwiri. Udzu umene analifunditsa unali utauma, mphepo itaukankhira mbali imodzi, ndipo masamba a nthochi anali atapotana n'kugwera pansi. Pafupi panali chigubu chachikasu, chopanda kanthu. Bwatolo linali lokongola. Ine amene sindidziwa za mabwato ndinaona kuti ndi lokongola: lalitali, losalala, milomo yake yopindikira m'kati mofanana mbali zonse.

Amuna aja analumpha akuseka, n'kuthamangirako. Woyamba kufika anasuzumira m'kati, kuseka n'kutha. Enawo anafika, nawonso chimodzimodzi. Ndinafika ndine womaliza, pambuyo pa Ada.

Mng'alu unayambira kumphuno, n'kutsata pansi penipeni mpaka kupitirira pakati. Sunali mng'alu woti n'kumata. Poyambira pake dzuwa linkadutsa n'kuwala pa dothi. Mmodzi wa amunawo anayamba kunena za phula ndi malata, kuti ena amakhoma zigamba, koma mawu ake anazilala okha. Ada anapatsa makaniko ndodo yawo, n'kuwerama. Analowetsa dzanja mumng'alumo, zala zinayi zonse, n'kuliyendetsa pang'onopang'ono mpaka pamene unathera. Anakhala chiweramire nthawi yaitali. Tonse tinkadziwa kuti phiri limenelo lilibe mbawa ina yotero, ndipo ngakhale ikanakhalapo, mikono imeneyo sikanasemanso.

Ndinafuna kuti andilalatire. Ndinafuna kuti anditchule chitsiru pamaso pa anthu onsewo, monga akanatchulira mwana wawo wobereka. Ndinayamba kuyankhula, sindikumbuka kuti ndinati chiyani, zinazake za difu ndi Mzuzu. Anadzuka, n'kutenga ndodo yawo, osandiyang'ana.

"Likwezeni," anatero kwa amuna aja.

"Ada, lipita kukatani kunyanja?" anafunsa mmodzi.

"Asambizi avutika miyezi iwiri ndi galimoto iyi. Isatsike yopanda katundu. Likwezeni."

Tinalikweza. Zinatitengera maola awiri, ndi zingwe ndi mitengo, aliyense akugwira mosamala ngati bwato lamoyo. Ine ndinagwira nawo chingwe ndipo palibe anandilanda. Litagona pazitsulo zija, Ada anazungulira galimoto, n'kulamula kuti pansi pake ponse ayalepo masaka ndi udzu wambiri, akuti lingakhulike ndi chitsulo. Anaimirira pomwepo mpaka mng'alu wonse utabisika. Kenako anayang'ana amunawo mmodzimmodzi, ndipo onse anagwetsa maso kuvomera kuti za mng'aluwo sakazinena kumudzi.

Potsika palibe anamenya denga. Galimoto inkatsika bwino, ikudzigwira yokha pamiyala, bwato likulira pang'ono pamwamba pathu pa bampu iliyonse. Makaniko ankayang'ana panja. Phewa la Ada linkagunda langa, ndipo linali lopepuka kwambiri.

"Ada," ndinatero titawoloka kamtsinje kaja, "ndikhululukireni."

"Yang'anani njira, asambizi. Pali mwala apo."

Titadutsa tala n'kulowa mumchenga, ndinaona anthu. Mudzi wonse unali panjira. Apongozi aakazi anali ataphika chindongwa chija, ndowa zili pamthunzi. Amayi anayamba nthungululu atangoona mphuno ya bwato pamwamba pa mitengo ya chinangwa, ena akuyala zitenje pamchenga kuti galimoto ipondepo. Akuluakulu a mpingo anali ataima pamodzi, akuwomba m'manja, akutchula ine. Akazi anga anali pakati pawo. Anayang'ana bwato, anayang'ana amuna akumbuyo aja amene sankaimba, kenako anayang'ana ine, ndipo manja awo anasiya kuwomba.

Ndinachepetsa liwiro mpaka galimoto inatsala pang'ono kuzima. Sindinachitepo manyazi ngati amenewo, ndipo sindinkaona bwino njira. Ada anatulutsa dzanja pawindo, kudutsa pamaso pa makaniko, n'kubayibitsa anthu awo. Kenako anandigwira bondo.

"Lizani hutala, mwana wanga. Anthu akudikira."

Ndinaliza.